Mbaula imene inathamangitsa apongozi anga

Nkhani iyi sindiikamba kumowa, sindiikamba kumphakati, ndipo ikayambika kunyumba ine ndimatuluka kukaona nkhuku, ngakhale nkhukuzo zinatha kale ndi chitopa. Ndaganiza zoilemba chifukwa pepala siliseka munthu. Amene mukufuna kuseka sekani, palibe mlandu, anzanga a kuntchito pachipata cha malire ku Mwami anaseka mwezi wathunthu. Ine kusekako sikunandifikebe, pakuti ndinatsala pang'ono kupha apongozi anga, ndipo ndinachita zimenezo ndi mtima wabwino wokhawokha.

Apongoziwo ndi mayi a akazi anga. Kwawo ndi kumudzi, njira ya ku Chadiza. Chimwalirireni amuna awo akhala okha, ali ndi chifuwa chosamva mankhwala komanso miyendo yotupa. Akazi anga, amake Misozi, anatha zaka zinayi akuwanyengerera kuti abwere adzakhale nafe ku Nabvutika, m'tauni ya Chipata, pafupi ndi chipatala. Nthawi zonse yankho linali limodzi: "Nanga mtedza wanga akumba ndani?" Chaka cha dzana lija, atamaliza kukolola, anagonja. Anati adzayesa nyengo yozizira imodzi yokha. Akaona kuti akukhala bwino akhaliratu, koma akaona zina abwerera, ndipo nkhaniyo isadzayambikenso. Amake Misozi anapaka laimu chipinda cha kuseri kawiri konse, akuimba nyimbo za kwaya. Sindinawaonepo atakondwa chotero.

Tsono muyenera kudziwa mmene ine ndi apongozi tinkakhalira. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati wanga, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira kumudzi, wina ankapatukira m'udzu. Moni tinkapatsana ine nditanyonyomala kuseri kwa nkhokwe, iwo ali pakhonde atayang'ana kumbali. Mawu ena onse ankadzera mwa akazi anga, monga katundu wa pa Mwami amene sadutsa popanda pepala. Ana a masiku ano amaseka mwambo umenewu, koma ine ndinkanyada nawo. Kumudziko ankandiloza kuti mkamwini waulemu ndi uyo. (Kunena zoona ulemuwo unandipulumutsa ku ntchito zambiri. Munthu amene sulankhula naye sungamutume kukafolera khola.)

M'nyumba ya m'tauni mwambo wotere ndi wovuta, poti khomo ndi limodzi ndipo mulibe udzu wopatukiramo. Tinagwirizana kuti ine ndizitsokomola ndisanadutse, ndipo m'chipinda chawo ndisapondemo phazi. Mlungu woyamba ndinatsokomola mpaka pakhosi panachita zilonda.

Kenaka Juni anafika ndi mphepo yake yotsika m'mapiri. Kumudzi apongozi anazolowera kukhala pafupi ndi moto, ndipo simenti ya pansi inkawalowa m'mafupa. Anapempha kuti aziwalowetsera mbaula ya makala m'chipinda. Amake Misozi anakanitsitsa, chifukwa aliyense kuno amadziwa kuti mbaula ya makala m'chipinda chotseka imagoneka munthu tulo tosadzuka. Anawonjezera mabulangete, anawagulira masokosi, koma sizinathandize. Posachedwa apongozi anayamba kukamba za mtedza wawo.

"Atate ake Misozi, chitanipo kanthu," anandiuza akazi anga tsiku lina ndikuvula nsapato. "Amayi ayamba kufunsa kuti basi ya ku Chadiza imanyamuka nthawi yanji. Akapita pano sadzabweranso, ndikuwadziwa."

Misozi inali italengeza m'maso mwawo. Ndinawauza kuti asadandaule, nkhaniyo aisiye m'manja mwanga. Mawu amenewa ndimawakumbukira ndi manyazi mpaka lero.

Ntchito yanga ndi yolemba mapepala a malole pachipata cha Mwami, ndiye ndimacheza ndi madalaivala oyenda maiko ambiri. Mmodzi anandionetsapo pafoni mbaula ya kumaiko ozizira: chitsulo chotseka, chokhala ndi kachitseko, moto uli m'kati, utsi ukutuluka panja kudzera m'paipi. Ndinachiyang'ana chithunzicho mwina mphindi imodzi, ndipo mphindi imodziyo inandikwanira kuti ndidzione ngati katswiri. Ndinajambula chinthucho kuseri kwa fomu yakale n'kupita nacho kwa a Tembo, owotcherera zitsulo pafupi ndi msika.

A Tembo ntchito amaidziwa. Patapita masiku atatu anali atapanga kambaula kokongola ka chitsulo chokhuthala, ka miyendo inayi, kachitseko kake kotseka bwino. Ndikumangirira mapaipi panjinga, anandifunsa:

"Manje paipi iyi izatulukira kuti, bosi?"

"Pakhoma. Pamwamba pa zenera pali kale kabowo kolowera mpweya."

Anakweza magalasi awo akuda aja n'kundiyang'ana. "Iyayi, bosi. Utsi siuyenda chogona. Paipi ifunika iimirire njo, iboole malata, ipitirire nsonga ya denga. Ndiye kabowo ako osakatseka, ni mphuno ya nyumba. Moto nawo upuma, monga imwe na ine."

"Malata anga ndi atsopano, a Tembo. Sindingaboole malata atsopano."

"Niziwa kuboola kwake, sipazadontha. Lekani nibwere pa Chiweru nikuikireni."

Ndinawathokoza mwaulemu wa munthu amene sakumva kanthu. Mumtima ndinkati ine wowerenga mapepala a malole a matayala makumi awiri, ndilephere kulumikiza mapaipi atatu? Akulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mwambiwu ndinkaudziwa bwino, ndipo ndinkakonda kuuponyera ana.

Loweruka amake Misozi anapita ndi mayi awo kuchipatala kukatenga mankhwala, ndipo ndinapatsidwa chilolezo cholowa m'chipinda chija kwa maola atatu. Ndisadzinamizire zoipa zokhazokha, zina ndinachita bwino. Ndinayala njerwa pansi, ndinakhazika mbaula patali ndi bedi, ndinasuntha katoni ya zovala kuti isagwire moto. Nzeru zanga zinathera pamenepo.

Paipi ndinaikweza pang'ono chabe, kenaka ndinaigoneka motsata khoma mpaka pa kabowo kaja, nditaimangirira ndi waya pamisomali. Pakati inalendewera ngati chingwe choyanikapo zovala, koma ndinati utsi ulibe maso, udutsa. Molumikizira ndinamata dothi la pachulu. Paipi italowa m'kabowo, mpata wotsala ndinautseka ndi simenti, mwaluso ndithu, mpaka kusalaza ndi supuni. Panja paipiyo inangotulukira pang'ono kunsi kwa denga, kukamwa kwake kutaloza kumene mphepo imachokera. Ndiye poopa mvula ndi mileme, ndinavundikirapo chitini cha mkaka chimene ndinachiboola ndi msomali. (Mvula mu Julaye, ku Chipata! Ndimati ndikaganiza ndimadzigwira pakamwa ndekha.)

Nthawi inalipobe, ndipo munthu akayamba kudzikhulupirira sakhala pansi. Ndinaona kuti m'mbali mwa zenera mukulowa kamphepo, ndinatsekamo ndi nyuzipepala. Kunsi kwa chitseko ndinakhomerako chidutswa cha chubu chakale. Pomaliza chipindacho chinali chotsekeka ngati botolo, ndipo ine ndinaima pakati pake ndikudziyamikira.

Kuyesa ndinayesa, musati sindinayese. Kungoti ndinayesa masana dzuwa likuswa mtengo, kopanda mphepo, chitseko ndi zenera zili zotsegula, ndi zitsononkho zouma zisanu. Utsi unatuluka bwinobwino. Akazi anga atabwera anaizungulira mbaulayo, anayang'ana paipi, kenaka anandiyang'ana ine.

"A Tembo anati tiike chonchi?"

"Anati zili bwino," ndinatero. Bodza limeneli linatuluka mosavuta ngati moni.

Mlungu wotsatira mauthenga anayamba kufika kudzera m'njira yake. "Amayi akuti Mulungu akudalitseni, kuzizira kwatha." "Amayi akuti kumudzi kulibe mkamwini wotere." Za mtedza sizinamvekenso. Ine ndinkapita kuntchito chifuwa chili patsogolo, ndipo ndinalonjeza anzanga awiri kuti ndidzawaikira zawo. Lachinayi amake Misozi anandiuza kuti m'chipindamo mukununkha utsi, maso a amayi afiira, ndipo akudandaula mutu. Ndinawayankha kuti ndi penti ya mbaula yatsopano imene ikupsa, itha yokha. Iwo anapita kukafunsa mayi awo, ndipo mayiwo anati palibe vuto, ndi ukalamba chabe.

Pambuyo pake ndi pamene tinadziwa kuti apongozi ankauona utsiwo ukubwerera tsiku ndi tsiku. Koma mpongozi sanena chilema cha ntchito ya mkamwini wake. Ankangopukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kutumiza madalitso. Chimene chinkawapulumutsa masiku onsewo n'chakuti mwana wawo ankalowa ndi kutuluka, chitseko osatsekeka kwenikweni, ndipo madzulo ankazimitsa moto asanagone.

Lamulungu kunacha ndi mitambo, mphepo ikuwomba ngati yatumidwa. Amake Misozi ndi mwana wathu ananyamuka kupita ku Misa yoyamba. Apongozi anatsala chifukwa miyendo inali itatupa kwambiri, ine ndinatsala chifukwa cha ulesi umene ndinautcha chimfine. Asanachoke, akazi anga anasonkha moto m'mbaula muja, n'kuuza mayi awo kuti chitseko achisiye chotsegula pang'ono. Koma mpongozi angasiye bwanji chitseko chotsegula m'nyumba muli mkamwini yekha? Mwana wawo atangotuluka pageti, anachitseka n'kukoweka msomali. Nkhuni zitatha, anathiramo makala odzaza manja awiri.

Ine ndinali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Patapita nthawi ndinamva kutsokomola. Sindinadabwe, chifuwa chawo tinachizolowera. Tiyi atatha ndinazungulira kuseri kuti ndikasirire ntchito ya manja anga, ndipo ndinapeza kuti paipi sikutulutsa kanthu. Chitini chija chinali bii ndi mwaye, mphepo ikuwomba molunjika pakamwa pake. 

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsokomola monga mwa pangano, ndinanyonyomala mapazi atatu kuchokera pachitseko.

"Odi!"

Kunamveka kutsokomola kofooka.

"Odi kumeneko, amayi!"

Zii. Kenaka ndinamva kapu ya chitsulo ikugwa n'kugubuduka pasimenti.

Apa ndiye pamene pali manyazi anga enieni, oposa a paipi, oposa a chitini. Munthu wanzeru akanathyola chitseko nthawi yomweyo. Ine ndinathamangira panja kukafuna munthu wamkazi woti alowe m'malo mwanga. Nyumba ya kumanja inali yokhoma, onse ali kutchalitchi. Ya kumanzere anandilandira agalu. Ndinaimba foni ya akazi anga, ndipo ndinaimva ikulira pabedi pathu. Ndinabwerera pachitseko paja, ndinanyonyomalanso, n'kunenanso odi kachitatu, mokweza pang'ono koma mwaulemu. M'mutu mwanga munkazungulira funso lakuti kumudzi adzati chiyani akamva kuti mkamwini uja analowa kuchipinda kwa apongozi ake. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo ine ndinataya mwina mphindi khumi ndi zisanu ndikudikira kuti munthu wokomoka andiyankhe kuti lowani.

Chinandidzutsa ndi kautsi kotuluka pabowo la kiyi. Ndinakankha chitseko, chinakana. Ndinachiponda ndi phazi, msomali unathothoka, ndipo utsi wotentha unandimenya kumaso mpaka ndinabwerera m'mbuyo.

Anali pansi, pakati pa bedi ndi chitseko. Zikuoneka kuti ankakwawa kuti atsegule mphamvu n'kuwathera panjira. Duku linali litagwa, imvi zonse zili poyera, chitenje chitamasuka. Ndinawanyamula ndikunena kuti, "Pepani amayi, pepani amayi," ndipo pofuna kusunga kaulemu kotsala ndinatsinzina. Munthu wotsinzina saona khomo. Ndinawomba mphumi pafelemu ya chitseko mpaka ndinaona nyenyezi, koma sindinawagwetse. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo kupepuka kumeneko kunandiopsa kuposa utsi.

Ndinawagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ndinawafunditsa jekete yanga, ndikuwakupiza ndi chivundikiro cha ndowa uku ndikukuwa kuti anthu athandize. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndikuwadziwa, ena ndinawasakaniza. Patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, anakoka mpweya, anasanza, anatsegula maso. Nkhope yoyamba imene anaiona, pafupi ngati chikhatho, inali yanga. Tinayang'anizana. Ndi timphamvu tochepa timene anali nato, sanapemphe madzi, sanafunse kuti ali kuti. Anakoka jekete ija n'kudziphimba kumutu.

Nthawi yomweyo anthu a Misa yoyamba anali akubwerera. Anadzaza pageti, amayi a bungwe ali m'mayunifolomu awo, akazi anga ali pakati pawo. Kulira kumene analira amake Misozi sindifuna kukumvanso. Mnansi wina wa takisi anatithamangitsira kuchipatala.

Apongozi anagonekedwa masiku awiri ali ndi chowathandiza kupuma. Namwino wina wachikulire anafunsa kuti mbaulayo anaika ndani. Akazi anga anayang'ana pansi. Ine ndinakweza dzanja pang'ono ngati mwana wa sukulu amene sakudziwa yankho. Namwinoyo anayang'ana chotupa cha pamphumi panga n'kunena kuti, "Bambo, mukanachedwa pang'ono, bwenzi pano mukugula bokosi." Sindinamuuze kuti kuchedwako ndinachedwa kale.

Lolemba a Tembo anamva nkhaniyo kumsika ndipo anabwera okha osaitanidwa. Anapeza amake Misozi atabwera kudzatenga zovala zosinthira. Anayang'ana paipi yogona ija, anagogoda simenti ya pa kabowo, anachotsa chitini, mwaye n'kukhuthukira pansapato zawo. Anaimba kamluzu kaatali.

"Koma bosi, ninakuuzani. Ninati iimirire, ninati mphuno osatseka."

Akazi anga anaima chikwama chili m'manja. "Anakuuzani?"

Ndinayang'ana mwaye uja pansapato za a Tembo.

"Munati anati zili bwino, atate ake Misozi."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, akanaswa mbale, akanaitana ankhoswe. Anangotseka zipi ya chikwama n'kutuluka.

Tsiku lotuluka m'chipatala, takisi inaima pageti koma apongozi anakana kutsika. Anati awatengere thumba lawo, galimoto yomweyo iwasiye pokwerera basi. Amake Misozi anagwada pafumbi pafupi ndi chitseko cha galimoto. Ine ndinali kuseri kwa mpanda, malo anga a nthawi zonse, ndikumva zonse.

"Amayi, mbaula ija tichotsa lero lomwe. Tikugulirani mabulangete ena. Musapite, chonde, kumudzi mukakhala ndi ndani?"

"Mwana wanga, utsi si mlandu. Ndakulira mu utsi ine." Mawu awo anali osasa, ankapumira pakati. "Koma munthu wandinyamula m'manja, wandiona mutu uli mbee, chitenje chili pansi. Ndizidutsana naye bwanji pakhomo m'mawa uliwonse? Ndiziyang'ana kuti?"

"Anakupulumutsani, amayi."

"N'chifukwa chake ndikuti uwauze kuti ndathokoza. Uwauzenso kuti apake mankhwala pamphumipo. Tiye, dalaivala akudikira."

Anapita tsiku lomwelo. Zaka zinayi za kunyengerera zinathera pa masiku asanu ndi atatu a mbaula yanga.

Patapita mwezi ndinawaitana a Tembo, ndinawagwirira makwerero. Anaboola malata anga atsopano aja, anaimika paipi mpaka kupitirira nsonga ya denga, anagumula simenti ya pa kabowo. Mvula yagwa nyengo ziwiri tsopano, sipanadonthe ngakhale kamodzi, ndipo utsi umakwera mowongoka ngakhale mphepo iwombe chotani. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuti zonse zakonzeka. Yankho linabwera la madalitso, monga mwa masiku onse.

Chifuwa cha apongozi chakula chichokereni kuno. Kuchipatala ndi kutali, ndipo pakhomo palibe wowatungira madzi. Choncho Juni akayandikira, amake Misozi amalongedza mankhwala ndi mabulangete n'kupita kukakhala kumudzi mpaka kutafunda. Chaka chino ndikuwaperekeza kokwerera basi, ndinayesanso.

"Mukawauze kuti chipinda chikuwadikira. Mukawauze kuti ndaphunzira."

"Mwaphunzira chiyani?" anandifunsa osandiyang'ana.

Ndinayamba kufotokoza za paipi, kuti iyenera kuimirira, kuti moto umafuna mpweya, kuti munthu azimvera amisiri. Anandidula.

"Za paipi aliyense pa Nabvutika akuzidziwa tsopano. Ine ndikufunsa za pachitseko paja. Zitachitikanso, mayi anga ali pansi m'katimo, mungatani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndingathyole chitseko nthawi yomweyo. Koma ndinawanamizapo kamodzi akazi amenewa, ndipo malipiro ake ndi awa ndikuwaona. Ndinaganiza mofatsa, kondakitala akukuwa, chikwama chili paphewa panga.

"Ndinganene odi kamodzi kokha," ndinatero.

Anandilanda chikwamacho n'kukwera basi.